Backflip inali mlandu kwa Surya Bonaly, manje ni sitailo

Ngati mumakhala pa TikTok mpaka bandulo kusila, mwina mwaionako kale vidiyo iyi. Mnyamata wa ku America, Ilia Malinin, ali pa ayisi, wavala nsapato zokhala na mpeni wachitsulo kunsi. Athamanga chobwelela kumbuyo, kenaka apidiguka m'mwamba, mutu pansi miyendo kumwamba, n'kutela bwino-bwino. Anthu onse aimilila kukuwa, majaji osadula olo pointi imodzi. Ni backflip yomwe ija ana a m'komboni amachita pa matayala akale, kusiyana kwake n'kwakuti apa ukaphonya mutu ugunda pansi polimba monga konkili.

Manje imvani iyi. Kwa zaka pafupi-fupi 50, backflip inali yoletsedwa m'mipikisano ya figure skating, masewela ovina na kujumpa pa ayisi. Terry Kubicka wa ku America anaichita pa ma Olympics a 1976 ku Innsbruck, ndipo pasanapite nthawi bungwe loyang'anila masewelawa, ISU, linaitseka. Chifukwa chake? Ati ni yoopsa. Mau akuti "chitetezo" muwasunge bwino, tikumana nawo kangapo m'nkhani ino.

Mkazi amene anawapatsa msana majaji

Surya Bonaly anabadwa mu 1973 ku Nice, m'dziko la France, mwana wakuda woleledwa na makolo achizungu. Akali wamng'ono anali kuchita jimunasitiki, ndipo zinali kuonekela: pa ayisi anali kujumpa monga ali na masipuling'i m'miyendo. Mpikisano wa ku Europe anawina kasanu motsatizana, kuyambila 1991 mpaka 1995. Wa m'dziko lake anawina ka 9. Koma pa mpikisano wa dziko lonse lapansi golide inamukana: siliva 1993, siliva 1994, siliva futi 1995.

Masiku amenewo jaji aliyense anali kupeleka mamaki awili. Oyamba anali a luso la kujumpa na kuzungulila. Achiwili anali a kukongola kwa kavinidwe, ndipo apa ndiye panali kugona nkhani, kaili kukongola kulibe sikelo. Bonaly anali kumva nyimbo imodzi chaka na chaka, kuti ni wamphamvu koma alibe ulemelelo wa pa ayisi. Mu 1994 ku Chiba, ku Japan, majaji 5 anasankha Yuka Sato wa komweko, 4 anasankha Bonaly. Pa nthawi yolandila mamendulo, Bonaly anayamba wakana kukwela pa nsanja, ndipo atamuveka siliva anaivula m'khosi pamaso pa makamela. Anthu anamuwowoza.

Tinene zoona, Sato anasewela bwino tsiku lija, ndipo alipo akatswili amene amati katsetseleke ka Bonaly pakati pa majampu kanali kosasalala. Sikuti maki aliyonse amene anamudula anali a khungu. Koma pomwe jaji apeleka maki malinga na zimene maso ake anazolowela kuzitchula zokongola, ndipo anakula akuona atsikana oyela, owonda, ovina monga ballet, mukatsimikizila bwanji kuti khungu silinalowemo? Kachitidwe ka mamaki kameneka kanadzafa pambuyo pa ma Olympics a 2002 ku Salt Lake City, pomwe jaji wa ku France anaimitsidwa pa nkhani yokondela ndipo golide inapatsidwa kwa magulu awili, a Russia na a Canada.

Ma Olympics omaliza a Bonaly anali a 1998 ku Nagano. Anabwela na mwendo wosachila bwino, chifukwa mu 1996 mtsempha wa kuchidendene unaduka. Ataona kuti mendulo yapita kale, anasintha pulani pakati pa nyimbo n'kumenya backflip, kutela na mwendo umodzi chabe. Pomaliza anayang'ana kwa anthu, majaji kuwapatsa msana. Anamudula mamaki, anathela pa nambala 10. Ngati muli na Netflix, nkhani yake ili mu pulogalamu ya Losers.

Mu January 2024, Adam Siao Him Fa, wa ku France nayenso, anachita backflip dala pa mpikisano wa ku Europe ku Kaunas. Anamudula mapointi 2 koma anawinabe. Mu June chaka chomwecho ISU inachotsa chiletso. Ayisi ni yolimba chimodzi-modzi monga mu 1998, khosi la munthu silinasinthe. Chinasintha ni maganizo a akulu-akulu.

Simone Biles analipila chifukwa chodzichinjiliza

Ku jimunasitiki nyimbo ni yomweyo. Luso lililonse lili na chilembo cha mtengo wake: A ni 0.1, B ni 0.2, kukwela choncho mpaka J yomwe ni 1.0. Mu 2019 ku Stuttgart, Simone Biles anabweletsa katsikidwe katsopano kochoka pa beam, ka mtanda kaja ka masentimita 10 m'lifupi: kupidiguka kawili uku akuzungulila kawili. Ambili anali kuyembekeza I kapena J. Bungwe la FIG linapeleka H, n'kufotokoza kuti safuna atsikana ena akopeke kuyesa chinthu chomwe angatele nacho pa khosi. Mwachidule, Biles anachepetseledwa mtengo chifukwa anzake sangakwanitse zimene iye akwanitsa. Anawayankha pa Twitter na chiseko komanso liu limodzi lomwe mkonzi wathu sangalole pa tsamba lino.

Ya 2023 ndiye yoseketsa maningi, ngati mungaseke. Ku Antwerp, Biles anachita jampu ya pa vault yotchedwa Yurchenko double pike, yomwe kunalibe mkazi wina anaichitapo pa mpikisano. Kochi wake, Laurent Landi, anaimilila pafupi pa matilesi kuti amugwile ngati zalakwika. Malamulo anati ayi, kochi kuima apo ni theka la pointi kudulidwa. Biles anasankha kutaya 0.5. So bungwe lomwe linati likuopa makosi a atsikana ndilo linalipilitsa mtsikana poika munthu woteteza khosi lake. Mwaiona?

Pomwe chitetezo chinafunika zoona

Apa nkhani ikulemela, ndipo nthabwala tiziike pambali. Larry Nassar anali dokotala wa timu ya jimunasitiki ya America komanso wa pa Michigan State University. Kwa zaka zambili anali kugwila atsikana malo obisika ponamizila kuti ni chithandizo cha msana na chiuno, nthawi zina kholo lili m'chipinda momwemo osadziwa chikuchitika. Ana amenewa anaphunzitsidwa kuchokela ali na zaka 6 kapena 7 kuti kuwawa sikukambidwa, wamkulu satsutsidwa, ndipo wodandaula malo ake pa timu atenga wina. Munthu woipa safuna zambili kuposa apo.

Akulu a USA Gymnastics anamva dandaulo mu June 2015, lokhudza Maggie Nichols. Anatenga masabata 5 asanauze FBI. A FBI nawo anaikhalila nkhaniyo koposa chaka, Nassar akali kuona odwala ku Michigan. Inaphulika mu September 2016 pomwe Rachael Denhollander anakamba poyela kudzela mu nyuzipepala ya Indianapolis Star. Lipoti la boma la America la 2021 linanena kuti m'miyezi yakhala chete ija, achitsikana pafupi-fupi 70 kapena kuposa anachitidwa nkhanza. Mu January 2018, akazi oposa 150 anaima m'khoti mmodzi-mmodzi kunena zomwe anawachita, ndipo jaji Rosemarie Aquilina anamupatsa zaka 40 mpaka 175 m'ndende. Biles nayenso ali m'gulu la amene anachitidwa zimenezi. Mu September 2021 iye, Nichols, Aly Raisman na McKayla Maroney anakapeleka umboni ku Senate. Ndalama zinatuluka pambuyo pake: madola 380 miliyoni ochokela ku USA Gymnastics na komiti ya Olympics ya America, na madola 138.7 miliyoni ochokela ku boma chifukwa cha ulesi wa FBI.

Pa ayisi nako kuli mwana wake. Kamila Valieva wa ku Russia anali na zaka 15 pa ma Olympics a 2022 ku Beijing pomwe zinamveka kuti m'thupi mwake anapeza trimetazidine, mankhwala a mtima oletsedwa m'masewela. Anamulola kupitiliza dziko lonse likumuloza chala. Tsiku lomaliza anagwa kangapo, anatuluka akulila, ndipo chinthu choyamba chomwe kochi wake Eteri Tutberidze anamufunsa n'chakuti walekelanji kulimba. Olo Thomas Bach, mkulu wa IOC pa nthawiyo, anati zinamuzizilitsa m'thupi. Mu January 2024 khoti ya zamasewela, CAS, inaletsa Valieva zaka 4. Mwana wa msinkhu wa Giledi 9 kapena 10, wokhala m'manja mwa makochi na madokotala tsiku lonse, ndiye ananyamula chilango, kochi napitiliza nchito yake. Chabwino chimodzi chinatulukapo: mu June 2022 ISU inakweza msinkhu wolowela mipikisano ya akulu kuchoka pa zaka 15 kufika 17, pang'ono-pang'ono. Ku jimunasitiki ya akazi ukali pa 16.

Masekondi 4

Mukumbukila chithunzi cha ku Paris mu August 2024, Biles na Jordan Chiles atagwada kupeleka ulemu kwa Rebeca Andrade wa ku Brazil? Kanali koyamba pa jimunasitiki ya ma Olympics kuti onse atatu pa nsanja akhale akuda, ndipo chinazungulila pa WhatsApp sabata yonse. Chiles anafika apo chifukwa kochi wake anadandaula kuti majaji sanawelengele luso lina. Majaji anavomela, anamuonjezela 0.1, n'kuchoka pa nambala 5 kufika pa 3. Ana Bărbosu wa ku Romania anali atanyamula kale mbendela akusangalala pomwe manambala anasintha pa bolodi, ndipo anachoka akulila.

Patangopita masiku ochepa, CAS inagamula kuti dandaulo la kochi linafika mochedwa. Lamulo limapeleka mphindi imodzi kwa wosewela womaliza, ndipo ati linachedwa na masekondi 4. Bulonzi inapatsidwa kwa Bărbosu, olo kuti a America anati ali na vidiyo yoonetsa kuti kochi anakamba nthawi isanathe. Ganizani pomwepo: dandaulo la ana ochitidwa nkhanza linagona pa desiki koposa chaka, koma masekondi 4 a kochi anawelengedwa m'masiku 5. A Romania anapempha kuti atsikana onse okhudzidwa apatsidwe bulonzi, pempho lomwe silinamveke. Atsikanawo palibe chomwe analakwa, kaili osunga wochi anali akulu-akulu a mpikisano. Koma matukwana a pa intaneti, ena onyoza khungu, anapita kwa Chiles, mpaka analengeza kuti wayamba wachokapo pa social media kuti mutu upumule.