Chikasu chosatha mwa khanda: mankhwala akusakidwabe, masiku sakudikira

Mlimi wa fodya ku Kasungu sauzidwa za mitundu. Akakhala pansi m'chigafa n'kuyamba kusankha, amangoponya diso pa tsamba kamodzi n'kudziwa kuti ili lauma bwino, ili lapsa, ili ndi lobiriwira ndipo likagwetsa mtengo wa belo lonse ku msika wa Chinkhoma. Diso lomwelo likufunika pa chinthu china chimene ambiri amangochikulunga n'kukachapa osachiyang'ana: thewera la mwana wakhanda. Pali nthenda ina ya chiwindi imene imadziulula pamenepo mwana asanafooke, akuyamwa bwino komanso akukwera sikelo.

Madokotala amaitcha biliary atresia. Tinjira timene timatulutsa ndulu m'chiwindi kupita nayo m'matumbo timatsekeka mwana asanabadwe kapena atangobadwa kumene. Ndulu ikasowa kotulukira imabwerera m'magazi ndipo imayamba kuwononga chiwindi tsiku ndi tsiku. Maso a mwana amasanduka achikasu, mkodzo umadetsa thewera, ndipo chimbudzi, chimene mwa mwana woyamwa chimayenera kukhala chachikasu kapena chobiriwira, chimatuwa mpaka kufika poyera. Ndulu ndi imene imapatsa chimbudzi mtundu wake, choncho chikatuwa ndiye kuti ndulu siikufika m'matumbo. Ku Ulaya ndi ku America nthendayi imagwira mwana mmodzi mwa ana pakati pa 15,000 ndi 20,000, pomwe ku Taiwan ndi mmodzi mwa ana pafupifupi 6,000. Mwana amene sanathandizidwe, kawirikawiri sapitirira zaka ziwiri.

Vuto lake n'lakuti chikasu mwa makanda si chachilendo. Ana ambiri amakhala nacho m'masiku oyamba ndipo chimatha chokha pasanathe masabata awiri. N'chifukwa chake agogo akati "muziothetsa dzuwa la m'mawa, chitha chokha," nthawi zambiri zimaoneka ngati anena zoona. Koma chikasu chikapitirira masiku 14, pamafunika kuyeza magazi. Mabanja ena akaona mimba ya mwana ikutupa amayamba kulozana zala, kuti wina anasempha mwambo mwana ali m'chikuta. Nthendayi siibwera chifukwa cha zimene mayi kapena bambo anachita, siipatsirana, ndipo si chifukwa cha mkaka wa m'mawere. Kumusiyitsa mwana bere n'kumuwonjezera mavuto.

Thandizo lake lenileni ndi opaleshoni. Dokotala wa ku Japan, Morio Kasai wa ku yunivesite ya Tohoku, ndiye anaitulukira m'zaka za m'ma 1950, ndipo mpaka lero imadziwika ndi dzina lake. Amachotsa tinjira totsekekato n'kulumikiza thumbo mwachindunji kuchiwindi kuti ndulu izitsikira momwemo. Imagwira bwino mwana asanakwanitse masiku 60, ndipo ikachitika mwana ali ndi mwezi umodzi zotsatira zimaposa pamenepo. Ngakhale zitayenda bwino, ana ambiri amadzafunikabe chiwindi china akamakula. Opaleshoni yoika chiwindi siichitika kuno kwathu. Imachitika m'malo ngati Wits Donald Gordon Medical Centre ku Johannesburg kapena m'zipatala za ku India, pa mtengo umene banja lolima fodya silingaufikire.

Apa ndi pamene kafukufuku wa mankhwala analowera. Funso linali lakuti: kodi pali mankhwala amene mwana angapatsidwe akachoka kufiyeta kuti ndulu iziyenda bwino ndipo chiwindi chake chomwe chimukwanire?

Kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira mankhwala a m'gulu la steroid monga prednisolone, poganiza kuti amachepetsa kutupa kwa tinjira tija. Ku King's College Hospital mumzinda wa London anayesa mlingo wochepa, ndipo zotsatira za mu 2007 zinaonetsa kuti chikasu chinkatsika msanga m'mwezi woyamba, koma chiwerengero cha ana ofunika chiwindi china sichinasinthe. Kenako ku America anachita kafukufuku wamkulu wotchedwa START, motsogozedwa ndi Jorge Bezerra. Anatenga makanda 140 kuyambira mu 2005 mpaka 2011. Theka anapatsidwa steroid wamphamvu kwa masabata 13, theka linalo mankhwala ongofanizira opanda mphamvu, ndipo makolo ngakhalenso madokotala sankadziwa kuti mwana uti ali mbali iti. Zotsatira zinatuluka mu 2014. Patatha miyezi 6, ndulu inkayenda bwino mwa ana pafupifupi 59 pa 100 alionse amene anamwa steroid, poyerekeza ndi 49 pa 100 a mbali inayo, kusiyana kumene kunali kochepa moti kukanatheka mwangozi chabe. Pofika zaka ziwiri magulu onse anali ofanana: pafupifupi 59 pa 100 anali moyo ndi chiwindi chawo chobadwa nacho. Chodetsa nkhawa chinali chakuti ana a steroid anayamba kudwala modetsa nkhawa msanga kuposa anzawo m'mwezi woyamba. Zipatala zina zimaperekabe mankhwalawa, makamaka kwa ana amene achitidwa opaleshoni ali aang'ono kwambiri, ndipo madokotala sanamvanebe chimodzi pa nkhaniyi.

Ena anayesa kupereka m'mitsempha mapuloteni a chitetezo cha m'thupi otchedwa immunoglobulin, koma lipoti la mu 2019 silinaonetse phindu. Chiyembekezo chinasamukira pa mankhwala atsopano amene amaletsa matumbo kubwezera ndulu kuchiwindi. Amodzi mwa iwo, maralixibat, anayesedwa mu kafukufuku wotchedwa EMBARK, ndipo mu Disembala 2023 kampani yake, Mirum, inalengeza kuti sanachite zimene ankayembekezera. Ena a mtundu womwewo, odevixibat, anayamba kuyesedwa mu 2020 m'maiko ambiri pansi pa dzina lakuti BOLD.

Zotsatira zokhumudwitsazi si ntchito yopita pachabe. Kudziwa kuti mankhwala ena sathandiza kumateteza khanda la miyezi iwiri kuti lisamwetsedwe zinthu zongolifooketsa. Zimene ana opangidwa opaleshoni amapatsidwa lero m'zipatala zambiri n'zothandizira chabe: ursodeoxycholic acid wofewetsa ndulu, mavitamini A, D, E ndi K amene thupi limalephera kuyamwa ndulu ikamavuta, ndi mankhwala opha tizilombo monga bakitirimu oteteza kuti majeremusi a m'matumbo asakwere kuchiwindi. Palibe limodzi mwa awa limene lingabwezeretse chiwindi chimene chauma kale chifukwa chochedwa.

Chimene chasintha miyoyo ya ana ambiri si botolo la mankhwala, koma kapepala. Ku Taiwan, Pulofesa Mei-Hwei Chang ndi anzake anakonza khadi lokhala ndi zithunzi za chimbudzi cha makanda, zina zabwinobwino, zina zotuwa, n'kuliika m'buku la zaumoyo la mwana aliyense. Kuyambira mu 2004 khadilo linafika m'dziko lonse. Mayi amangoyerekeza thewera ndi zithunzizo n'kuuza achipatala nambala ya chithunzi chofanana nalo. Ana amene anali moyo, opanda chikasu, ndi chiwindi chawo patatha zaka 5 anachoka pa 27 kufika pa 64 pa 100 alionse. Japan, imene inayamba kuyesa khadi lotere m'chigawo cha Tochigi mu 1994, inalifalitsa m'dziko lonse mu 2012.

Tsopano tiwerenge masiku a mwana wobadwira ku Chulu, Wimbe kapena Santhe. Katemera wa masabata 6 amamupeza ali ndi masiku 42. Ngati ndi pamenepo pamene wachipatala waona maso achikasu, atsala masiku 18 okha kuti masiku 60 aja akwane. M'masiku amenewo mwana ayenera kutumizidwa ku chipatala cha boma la Kasungu, kuchoka apo ulendo wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1 kukafika ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ayezedwe magazi, aunikidwe m'mimba, ndipo mwina apitirire makilomita ena oposa 300 kupita ku Mercy James Centre, chipatala cha maopaleshoni a ana chimene chinatsegulidwa mu 2017 pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Mwana akabadwa mu Januwale, ndalama za fodya wa chaka chatha zinatha kale kugula feteleza, msika utsegulidwa cha mu Epulo, manja onse ali kumunda, ndipo wakabaza safuna ngongole msewu ukaterera. Banja limene lati "tidikire tigulitse kaye" siliri louma mtima, koma miyezi itatu imeneyo ndi imene imatha chiwindi.

Malawi si mlendo pa kafukufuku wa ana. Katemera wa taifodi anayesedwa pa ana oposa 28,000 ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira mu 2018, ndipo mu 2019 dziko lino linali loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kusikelo. Tili ndi makomiti ounika kafukufuku, wa NHSRC ndi wa COMREC, komanso bungwe la PMRA loyang'anira mankhwala. Akatswiri a ku yunivesite ya KUHeS angathe kuyankha mafunso athuathu: ana athu amafika kufiyeta ali ndi masiku angati, amachedwera pati, ndipo kachilombo ka CMV, kofala kwambiri mu Africa muno, kamene madokotala a ku London anapeza kuti kamaipitsa zotsatira za opaleshoni ya Kasai, kakuwachita chiyani.

Koma khadi silifunika kudikira zonsezo. Mwana aliyense ali kale ndi buku la kusikelo, ndipo alangizi a zaumoyo amafika m'midzi ndi m'maesiteti. Unduna wa Zaumoyo uwonjezere tsamba limodzi la zithunzi m'bukulo, ndipo anamwino azifunsa za mtundu wa chimbudzi mayi asanatuluke m'chipatala komanso pa ulendo uliwonse wotsatira. Inu makolo, khanda likakhala ndi maso achikasu kupitirira masabata awiri, kapena chimbudzi chake chikatuwa, musadikire tsiku la sikelo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo thewera mulitenge kuti adokotala alione okha.