Mwana akayamba kuwotcherera mawaya, samalani manja ake

Kukada pa Nkhata Bay, panyanja pamadzaza timagetsi ta asodzi a usipa. Kale zinali nyali za parafini, koma masiku ano ambiri amayatsa mababu a LED oyendera batire. Kumtunda nako m'nyumba zambiri muli tochi, wailesi, nyale ya sola ndi foni. Zipangizozi zikasiya kugwira ntchito, nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono: kawaya kathothoka pamene kanamatidwa, makamaka kuno kunyanja kumene chinyezi chimabweretsa dzimbiri msanga.

Ana amaona amisiri a pamsika akulumikiza timawayati, ndipo ena akafika kunyumba amayesa okha. Kholo liwaletse? Ayi. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anadziwika dziko lonse atapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14, ankawotcherera ndi waya wolimba wotenthetsa pamoto. Lusoli ndi lothandiza ndipo silivuta kuphunzira, koma pali zoti akulu adziwe mwana asanaligwire.

Chimene amamatira mawaya ndi kachitsulo kofewa kotchedwa solder, kogulitsidwa kokulungidwa ngati ulusi. Solder wofala kwambiri, wolembedwa 60/40, ndi wosakaniza magawo 60 a tini ndi magawo 40 a mtovu, ndipo amayamba kusungunuka pa madigiri 183. Nsonga ya chowotcherera, chimene amisiri amachitcha soldering iron, imapitirira madigiri 300, kuposa katatu kutentha kwa madzi owira.

Wophunzira ayambire pa mawaya awiri akutha, osati pa foni ya amayi ake. Asende pulasitiki kunsonga, apale waya mpaka kopa awale, kenako apotokoze mawaya awiriwo kuti agwirane okha. Chowotcherera chikatentha, apukute nsonga yake pa kasiponji konyowa ndi kuipaka solder pang'ono. Apa ndiye ambiri amaphonya: amasungunulira solder pansonga n'kumamudonthezera pa waya wozizira. Zotsatira zake ndi kampira kotuwa komwe kamangokhala pamwamba, ndipo kamathothoka tochi ikangogwa kamodzi. Chofunika ndi kutenthetsa waya weniweniyo kwa masekondi awiri kapena atatu, n'kugunditsa solder pa wayayo kuti asungunuke yekha ndi kulowerera m'timinga tonse. Achotse solder kaye, chowotcherera pambuyo, ndipo asagwedeze kapena kuuzira mpaka pataumiratu. Polumikiza bwino pamakhala posalala, ndipo mukakoka waya sapatuka.

Akazolowera, angapange kanyale ka babu limodzi la LED, resistor, switchi ndi mabatire awiri a tochi. Mwendo wautali wa babu umapita ku mbali ya batire yolembedwa +. Zonse zolowa ku magetsi a ESCOM azisiyire amisiri, ndipo asayerekeze kugunditsa chowotcherera pa batire ya foni, chifukwa ikatenthedwa imatha kuphulika ndi kuyaka.

Anthu ambiri amaganiza kuti utsi umene umatuluka powotcherera ndiwo mtovu. Si choncho. Mtovu umawira pa madigiri oposa 1,700, kutali kwambiri ndi kutentha kwa chowotcherera. Utsiwo umachokera ku flux, utomoni wa mitengo ya paini umene amauika m'kati mwa solder kuti uzitsuka waya. Utsi umenewu uli ndi vuto lakelake: umayabwa m'maso ndi pakhosi, ndipo munthu akaupuma kawirikawiri ungamuyambitse mphumu kapena kuikulitsa. N'chifukwa chake ntchitoyi ndi ya pakhonde kapena pafupi ndi zenera lotsegula, nkhope ili pambali. Mwana amene amadwala kale mphumu ndi bwino aonerere chapatali.

Mtovu umalowa m'thupi kudzera pakamwa. Umatsalira pa zala, pansi pa zikhadabo, patebulo ndi pa timadontho togwera pansi. Ife timadya ndi manja. Mwana akachoka pa mawaya n'kukakhala pa kondowole atangoviika zala m'beseni, mtovu uja wapita nawo m'mimba, ndipo madzi a m'beseniwo asambanso azing'ono ake. Enanso ali ndi chizolowezi chogwira solder ndi mano manja onse akatanganidwa. Chimenechi ndicho choyamba kuletsa.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosavulaza, ndipo thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu womezedwa kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu. Limayamwa kwambiri mwanayo akakhala wosowa ayironi kapena kashiamu m'thupi. Usipa wodya ndi minga yomwe umathandiza pa kashiamu, koma si mankhwala ochotsa mtovu. Chovuta n'chakuti mtovu wochepa suonetsa zizindikiro: mwana satentha thupi, satuluka zilonda, koma ubongo ukuwonongeka pang'onopang'ono, ndipo zimadzaonekera m'kalasi. Ukachuluka umabweretsa kupweteka kwa m'mimba, kuchepa kwa magazi, ngakhale kukomoka. Kwa mayi woyembekezera, umadutsa mpaka kwa mwana wosabadwayo.

Mayiko a ku Ulaya analetsa mtovu m'zipangizo zambiri zamagetsi kuyambira mu 2006, choncho solder wopanda mtovu alipo. Amakhala wolembedwa lead-free, amasungunuka pa madigiri pafupifupi 220, ndipo polumikiza sipawala kwenikweni ngakhale pagwira bwino. Wopita ku Mzuzu angamufunse m'mashopu a zamagetsi. Ngati pa solder sipanalembedwe kanthu, muyeseni kuti ali ndi mtovu. Mulimonsemo, wowotcherera asambe m'manja ndi sopo pa madzi othira, asadye kapena kumwa akugwira ntchito, asagwiritse tebulo lodyera, ndipo atolere timadontho tonse ndi kansalu konyowa mwana wokwawa asanafikepo.

Alangizi a zaumoyo ndi odzipereka m'midzi akhale tcheru makamaka ndi mchitidwe woswa mabatire akutha a galimoto kapena a sola pofuna kusungunula mtovu wake. Umenewu ndi woopsa kutalitali kuposa kuwotcherera, chifukwa fumbi lake limatsala m'dothi la pabwalo pamene ana amasewera. Ku Thiaroye-sur-Mer, kufupi ndi mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 kaamba ka mtovu wochokera m'mabatire otere.

Kupsa pa chala kumachitika pafupifupi kwa aliyense wophunzira. Thirani madzi oyera ozizira pamalopo kwa mphindi 20, ndipo musapake mankhwala otsukira mano, mchere, dzira kapena mafuta. Musaphulitse thuza. Bala likakhala lakuya, lili pankhope, kapena solder wathovukira m'diso, tsukani ndi madzi ambiri ndipo pitani naye ku chipatala cha boma ku Mkondezi kapena chipatala chaching'ono chapafupi tsiku lomwelo.