Dripi yomwe aliyense ankaikhulupirira

Mu Januwale 2011, madokotala ndi anamwino a m'zipatala zisanu ndi chimodzi za ku Kenya, Uganda ndi Tanzania analandira uthenga woti asiye kulemba ana mu kafukufuku wotchedwa FEAST. Ambiri anaganiza kuti nkhani ndi yabwino: mwina chithandizo chomwe amachiyesa chaoneka chopulumutsa kwambiri moti kupitiriza kumana ana ena kukhala kulakwa. Komatu sizinali choncho. Chithandizocho chinkawonjezera imfa.

Chomwe ankachiyesa si mankhwala achilendo. Ndi madzi a m'dripi, operekedwa ambiri komanso mofulumira, omwe azachipatala amawatcha bolus. Mwana wotentha thupi kwambiri akabwera atazizira manja ndi mapazi, mtima ukugunda mothamanga koma mofooka, namwino amakanikiza chikhadabo chake n'kuona kuti kufiira kukuchedwa kubwerera. Izi zimasonyeza kuti magazi sakuyenda bwino m'thupi. Kwa zaka zambiri, mabuku a ku Ulaya ndi America ankati zikatere mwanayo athiridwe madzi msangamsanga. Nzeru yake inkamveka, ndipo maso ankavomereza.

Kafukufukuyu, yemwe anatsogoleredwa ndi Kathryn Maitland wa ku Kilifi, anayamba mu 2009 ndipo anafikira ana 3,141. Oposa theka anali ndi malungo, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi magazi ochepa kwambiri. Anawo anagawidwa patatu mwamaere. Gulu loyamba linalandira bolus ya albumin, lachiwiri ya madzi amchere, lachitatu silinalandire bolus. Onse ankapatsidwa mankhwala a malungo, maantibayotiki, okosijeni ndi magazi ngati zafunika.

Maerewo ndiwo phunziro loyamba kwa wophunzira unamwino. Akanati namwino azisankha yekha, chifundo chikanamukoka kuti apereke dripi kwa odwalitsitsa. Kenako imfa zikanachuluka m'gululo, ndipo palibe akanadziwa ngati wapha ndi dripi kapena matenda. Maere alibe chifundo, choncho magulu amayamba ofanana.

Patatha maola 48, m'gulu la albumin munamwalira ana 111 mwa 1,050, m'gulu la madzi amchere 110 mwa 1,047, koma m'gulu lopanda bolus 76 okha mwa 1,044. Kunena mwachidule, ana 10 kapena 11 pa 100 aliwonse mbali imodzi, 7 mbali inayo.

Nanga anamwino omwe ankati ana amatsitsimuka akalandira dripi ankanama? Ayi ndithu. Ofufuzawo atasanthulanso zolembedwa mu 2013, anapeza kuti pakutha kwa ola limodzi zizindikiro zinali zitachoka mwa ana 43 pa 100 a bolus, poyerekeza ndi 32 pa 100 a gulu linalo. Mwana ankafundadi, kugunda kwa mtima kunkamvekadi bwino. Vuto linkadza maola angapo pambuyo pake, mwina namwino uja ataweruka kale, ndipo anawo ambiri ankafa chifukwa mtima ndi kayendedwe ka magazi zangogwa.

Ngakhale namwinoyo akanagona pomwepo masiku awiri, kusiyanaku sakanakuona. Imfa yowonjezera inali imodzi pa ana pafupifupi 30. M'wodi yomwe ana amabwera atatheratu, mwezi uno kufa asanu, mwezi wamawa asanu ndi anayi, ndani angaloze chala kuti uyu wapita chifukwa cha dripi? Mutu wa munthu umasunga nkhope ya mwana amene anatsegula maso, ndipo wakufayo timati anabwera mochedwa.

Apa ndi pamene masamu a ziwerengero, omwe ophunzira ambiri amawaona ngati chilango cha m'kalasi, amagwira ntchito. Funso lake ndi limodzi: kodi kusiyanaku sikunangochitika mwangozi? Ofufuza anapeza kuti chiopsezo cha imfa kwa olandira bolus chinali 1.45 poyerekeza ndi anzawo, ndipo malire a pomwe chiopsezo chenicheni chingakhale, otchedwa confidence interval, anali kuyambira 1.13 mpaka 1.86. Nambala 1 ikanatanthauza kuti palibe kusiyana, koma malire onsewo ali pamwamba pa 1. P-value inali 0.003. Imeneyi ambiri amaimasulira molakwa. Sikuti ikunena mwayi woti ofufuza alakwitsa. Ikunena kuti bolus ikanakhala yopanda chochita chilichonse pa imfa, kusiyana kwakukulu chonchi kukanatuluka katatu kokha pa makafukufuku 1,000 otere.

Komabe wowerenga mopupuluma angaphenso ana ndi zotsatira zomwezi. FEAST sinalembe ana otsegula m'mimba, onyentchera kwambiri, opsa ndi moto kapena ofunika opareshoni. Mwana wa kolera amene maso alowa ndipo khungu likatsinidwa silibwerera msanga amafunika madzi mwachangu, ndipo kum'mana chifukwa cha kafukufukuyu n'kusamvetsa. Zipatala zija zinalibenso makina othandiza kupuma, choncho zomwe anapeza sizingangosamutsidwira ku London osaganiza. Ziwerengero zimanena za gulu lomwe linayesedwa. Kuzindikira ngati mwana ali pabediyu ndi wa gulu limenelo ndi ntchito ya maso, manja ndi mafunso a namwino kwa mayi.

Nkhaniyi imakhudza Malawi mwachindunji. Ndondomeko ya ETAT, yosankhira ana ofunika thandizo mwamsanga pakhomo la chipatala, inayesedwa ndi kukhwimira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Elizabeth Molyneux anagwira ntchito zaka zambiri. Bungwe la WHO linatenga nthawi, zomwe zinakwiyitsa ofufuza a FEAST, koma mu 2016 linasintha malangizo a ETAT. Tsopano mwana wa chizindikiro chimodzi kapena ziwiri zokha sathiridwa madzi mofulumira. Amene ali ndi zonse zitatu, kuzizira kwa manja, chikhadabo chochedwa kufiira kupitirira masekondi atatu, ndi kugunda kofooka kothamanga, amapatsidwa mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu iliyonse kwa mphindi 30 mpaka 60, kenako namwino amamuyezanso asanawonjezere.