Osaka mbewa, yambani mwasankha jombo

Chimanga chikangolowa m'nkhokwe kuno kwa Kabwazi, minda imasanduka ya anyamata ndi agalu awo. Ena amakumba mauna a mbewa, ena amatchera misampha ya nkhwali, ndipo akuluakulu amalondola ntchenzi m'mabango a kudambo. Ndiwo imeneyi ndi yokoma, komanso ena amapezerapo ya sopo ndi makope. Koma mukayang'ana kumapazi kwa alenje amenewa mudzaona masilipasi othothoka kapena phazi losavala kanthu, chonsecho akupondaponda m'mapesi ndi m'maudzu momwe mphiri imabisala.

Chaka chatha mnyamata wina wa Fomu 3 pasukulu yomwe ndimaphunzitsa analumidwa ndi mphiri pamwamba pa kakolo akufukula mulu wa mapesi. Mwendo unatupa mpaka m'ntchafu ndipo khungu linayamba kubola. Moyo anapulumuka, koma teremu yonse inamupita ali m'chipatala ndi pamphasa, ndipo lero amayenda motsimphina. Makolo ake anagulitsa mbuzi ziwiri kuti apeze thiransipoti ndi chakudya cha womudikirira. Jombo ikanawadyera ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mbuzizo.

Vutoli si la kwathu kokha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu apakati pa 81,000 ndi 138,000 amamwalira chaka chilichonse atalumidwa ndi njoka, ndipo opunduka kapena kudulidwa ziwalo ndi ochuluka kuposa pamenepo. Mu 2017 bungweli linaika ululu wa njoka pa mndandanda wa matenda a m'maiko otentha omwe salabadiridwa, ndipo mu 2019 linakhazikitsa ndondomeko yoti imfa ndi kupunduka zitsike ndi theka pofika 2030. Limodzi mwa malangizo ake oyamba ndi losavuta: valani nsapato zotseka, makamaka m'tchire ndi usiku, chifukwa anthu ambiri amalumidwa kuphazi ndi kumunsi kwa mwendo.

Posankha jombo, yambani mwadziwa njoka yomwe mukuiopa. Mphiri sithawa ikamva mapazi monga zimachitira njoka zambiri. Imangoti phee, ndipo maanga ake amafanana ndi masamba ouma. Nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye imakonda kuothera dzuwa m'tinjira, ndipo kukatentha mu Okutobala mpaka mvula yoyamba imayendayenda kwambiri, makamaka madzulo. Mano ake ndi aatali, a yaikulu amapitirira sentimita imodzi. Imakonda komwe kuli mbewa poti ndicho chakudya chake, choncho mlenje ndi mphiri amasaka pamalo amodzi.

Kumaiko ngati America kuli jombo zopangidwira njoka, zokhala ndi nsalu yolimba kwambiri m'kati ndipo zimafika pafupi ndi bondo. Ku Myanmar akatswiri anapangira alimi a mpunga jombo zoti mano a njoka yaululu ya m'minda yawo asaboole. Kuno zoterezi simungazipeze pamsika wa Thete kapena wa Chimbiya. Zomwe tili nazo ndi magambutsi wamba ndi nsapato za pakaunjika. Tinene zoona, gambutsi wamba sanapangidwire njoka, ndipo wopyapyala mano a mphiri atha kumuboola. Komabe wosankhidwa bwino amachepetsa ngozi kwambiri: dzino limatha kuterereka, kuthera mumphira, kapena kungokanda khungu m'malo molowa mumnofu.

Choyamba kuyang'ana ndi kutalika. Jombo yolekeza pakakolo ndi ya kutchalitchi, osati kutchire. Ifike pansi pang'ono pa bondo kuti katumba yense abisike. Chachiwiri ndi kukhuthala, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapusitsidwa. Amagogoda chidendene ndi kutsogolo, n'kukhutira, chonsecho njoka nthawi zambiri imamenya m'mbali ndi pamsongolo. Tsinani khoma la jomboyo ndi zala ziwiri. Ngati likupindika ngati chubu cha njinga, isiyeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo. Jombo za chitsulo kutsogolo zomwe abale athu amabwera nazo kuchokera ku Joni zimateteza zala ku miyala, koma chitsulocho sichifika pamsongolo, komanso zimalemera ukamathamangitsa kalulu.

Chachitatu ndi saizi. Gulani yokulirapo pang'ono kuti muzivala ndi sokosi zokhuthala, ziwiri ngati n'kotheka. Mpata womwe umatsala pakati pa mphira ndi khungu ndi chitetezo pawokha, chifukwa dzino likaboola limayamba lapeza mpweya ndi ulusi lisanafike pamnofu. Jombo yothina imamatirira pamwendo ndipo imatulutsa matuza, mapeto ake mwini wake amaivula n'kuikoleka paphewa. Koma isakule moti n'kumatsalira m'matope. Yesani zonse ziwiri, ndi sokosi zomwe muzivala, ndipo yendani nazo pang'ono musanapereke ndalama. Buluku la jinzi lotaya ligwere kunja kwa jombo. Limaonjezera chotchinga ndipo limatseka kukamwa kwa jomboyo kuti musagwere kanthu.

Chachinayi ndi madzi. Kudambo ndi kudimba jombo yolowa madzi ilibe ntchito. Ya pakaunjika ipindeni pamene zala zimapindikira ndi pakakolo, chifukwa ming'alu imayambira pamenepo. Ikani tochi ya foni m'kati, phimbani kukamwa ndi dzanja, muone ngati kuwala kukutulukira penapake. Mukafika nayo kunyumba imizeni m'beseni la madzi. Yomatidwa ndi chigamba cha chubu itha kutseka madzi, koma pachigambapo ndi pofooka. Jombo yosalowa madzi imatetezanso ku likodzo m'madzi oima, ku njoka za m'mimba zomwe zimalowera pakhungu la phazi, ku minga ndi zitsa. Onaninso kupansi kwake: mizere ikhale yakuya, poti katondo wathu akanyowa amaterera ngati therere.

Kasungidwe nako n'kofunika. Mphira ndi pulasitiki zimauma ndi kusweka zikamakhala padzuwa kapena pafupi ndi moto. Tsukani matope, iumitseni pamthunzi, ndipo ikolekeni mozondotsa pamitengo iwiri. M'mawa musanavale igubuduzeni ndi kuikutumula, chifukwa chinkhanira ngakhale kanjoka kakang'ono kamakonda malo amdima ngati amenewo.

Pali malo omwe jombo sifika. Wokumba mbewa amapisa dzanja kuuna, ndipo una womwewo njoka imatha kulowamo kudzadya mbewa n'kugona momwemo. Ana anga ndimawauza kuti kuuna kuzilowa kamtengo kapena mpini, osati chala. Mulu wa mapesi uzitembenuzidwa ndi khasu, munthu ataima patali. Mamba yolavula imalunjika m'maso, ndipo zikatero tsukani masowo ndi madzi ambiri oyera nthawi yomweyo, kenaka pitani kuchipatala. Nalikukuti amakhala m'nthambi ngati kamtengo kouma, choncho posaka nkhuni kapena zisa yang'anani pomwe mukugwira. Usiku musayende opanda tochi.

Ngozi ikachitika, chokani pomwe pali njokayo ndipo musataye nthawi kuisaka kuti muiphe. Vulani jombo, mphete ndi chilichonse chothina mwendo usanatupe. Musateme mphini, musayamwe bala, ndipo musamange mwendo mothinitsa ndi chingwe kapena mphira wa legeni. Ululu wa mphiri umaononga mnofu, ndiye kutseka magazi kumangofulumizitsa kubola. Wolumidwayo asathamange kapena kuyenda mtunda. Mangirirani mwendowo kuthabwa kapena ndodo kuti usagwedezeke, munyamuleni, mupeze njinga yamoto kapena galimoto msanga. Chipatala chaching'ono chapafupi chidzamutumiza kuchipatala cha boma ku Dedza kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe ngati pakufunika kutero. Maola omwe amathera pa kufunafuna mizu ndi omwe amadula miyendo.

Ndikumbutsenso kuti jombo si chilolezo. Kusaka nyama m'nkhalango zotetezedwa ngati Chongoni ndi Dzalanyama popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo moto wotentha tchire pofuna mbewa umapsereza manyowa a m'munda ndi mitengo yomwe tinadzala tokha.

Ndikudziwa kuti ndalama ndi yovuta, ndipo pakhomo pamene feteleza sanagulidwe jombo imaoneka ngati yapamwamba. Koma peyala imodzi yosamalidwa imagwira ntchito kudimba, kumunda nthawi ya dzinja ndi kutchire nthawi ya masika. Magulu a banki m'khonde ndi makalabu a alimi atha kugula zambiri pamodzi n'kunenerera mtengo. Mukagulitsa soya kapena kachewere chaka chino, patulani ya jombo musanalowe m'sitolo ya zovala za Khirisimasi, ndipo muyambe ndi mwana yemwe amapita kuuna. Chakudza sichiimba ng'oma.