Malodza Kapena Zongochitika?

Ku Lisasadzi, m'boma la Kasungu, minda ya fodya inkasonkhanitsa matenanti ochokera kutali, monga ku Mulanje ndi ku Thyolo. Anthu akachuluka chotere, zodabwitsa sizisoŵa.

Tiyerekeze kuti anthu 23 ali m'shedi kusankha fodya. Kodi nkutheka kuti aŵiri mwa iwo ali ndi tsiku limodzi lobadwa, mwezi ndi deti lomwe? Ambiri angakane, popeza chaka chili ndi masiku 365. Koma masamu, monga adalongosolera Richard von Mises mu 1939, asonyeza kuti mwayi wake upitirira theka, pakuti mwa anthu 23 mumatuluka magulu 253 a anthu aŵiriaŵiri. Anthuwo akafika 57, mwayi ufika 99 pa 100.

Nkhani ya kadzidzi ili chimodzimodzi. Mbalameyi imalira kaŵirikaŵiri, ndipo pa anthu ambiri maliro sasoŵa. Timakumbukira usiku umodzi umene kudacha ndi maliro, nkuiŵala mausiku mazana amene kudacha bwino. Pamenepo nkhalamba imalozedwa chala kuti ndi mfiti, ngakhale lamulo la 1911 lidaletsa kutero. Wansembe womvetsa masamu aŵa ateteza osalakwa, nathandiza akhristu kusiyanitsa dzanja la Mulungu ndi mantha awo.