Kutupa kwa kapamba: adani ena amachokera m'matumbo mwathu momwe

Kuno ku Machinga ndi ku Balaka munthu akamva kupweteka pamwamba pa mchombo timafulumira kunena kuti ndi zilonda zam'mimba, n'kuthamangira kukagula makapisozi pamsika wa Liwonde, Ntaja kapena Ulongwe. Komatu pali matenda ena oopsa amene amayamba chimodzimodzi: kutupa kwadzidzidzi kwa kapamba, kumene madokotala amati acute pancreatitis.

Kapamba amene tikunena pano si uja amatupa ndi malungo ayi. Uyu ali kuseri kwa chifu, ndipo amapanga insulin komanso madzi ogaya chakudya. Madziwo amayenera kuyamba ntchito akafika m'matumbo. Akayamba asanatuluke, amagaya kapamba yemweyo. Zoyambitsa zazikulu ndi timiyala ta mu ndulu totseka njira ya madziwo, komanso mowa, umene chipembedzo chathu chidaletsa kale. Nthawi zina njoka zam'mimba nazo zimatseka njirayo. Ululu wake umakhala waukulu, umabaya mpaka kumsana, ndipo wodwala amasanza.

Mwa odwala 10 aliwonse, pafupifupi 8 amachira patangotha sabata imodzi akalandira madzi a m'diripi ndi mankhwala oletsa ululu. Otsalawo matenda amakula, ndipo mbali ina ya kapamba imatha kufa. Apa m'pamene mabakiteriya a m'matumbo amalowerera.

M'matumbo mwa munthu aliyense muli mabakiteriya osawerengeka. Ambiri ndi othandiza, ndipo khungu lam'kati mwa matumbo limawatchinga ngati mpanda kuti asalowe m'magazi. Matenda akakula, magazi opita ku matumbo amachepa ndipo mpandawo umafooka. Mabakiteriya monga E. coli, Klebsiella ndi Enterococcus amabowoleza n'kukafika pa mbali yakufa ija, pomwe amaswana ndi kupanga mafinya. Izi kawirikawiri zimaoneka pakadutsa sabata ziwiri, pamene achibale ayamba kuganiza kuti zoopsa zatha, ndipo zimapha anthu ambiri odwala matendawa.

Kudziwa zimenezi kudasintha kasamalidwe ka odwala. Kale ankamanidwa chakudya masiku ambiri poganiza kuti kapamba apume. Lero madokotala amayamba msanga kuwapatsa chakudya, pakamwa kapena kudzera mu kapaipi ka m'mphuno, chifukwa matumbo opanda chakudya ndi amene mpanda wake umagumuka. Choncho dokotala akalamula phala, musakanize. Ngakhale m'mwezi wa Ramadan, wodwala ndi wololedwa kumasula n'kudzabweza masikuwo akachira.

Nanga bwanji osangopha mabakiteriyawo asanawoloke? Kafukufuku adasonyeza kuti kumwetsa wodwala maantibayotiki mabakiteriya asanafike pa kapamba sikuteteza. Mankhwalawa amapha mabakiteriya othandiza n'kusiya osamva mankhwala. Amoxicillin kapena Flagyl wogula pamsika sangachize kapamba, amangochedwetsa ulendo wa kuchipatala.

Ena adayesa kuonjezera mabakiteriya abwino. Ku Netherlands, pa kafukufuku wa odwala pafupifupi 300 amene adasindikizidwa mu 2008, mwa omwe adapatsidwa mabakiteriyawo adamwalira 24, pomwe mwa omwe sadapatsidwe adamwalira 9. Chimene chili chabwino kwa munthu wathanzi chikhoza kuvulaza wodwala kwambiri.

Tsono ululu wa pamwamba pa mimba ukakhala waukulu, wofika kumsana, wosaleka komanso wosanzitsa, pitani tsiku lomwelo ku chipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka. Pakafunika thandizo loposa, adzakutumizani ku Zomba Central Hospital. Muwauze madokotala mankhwala onse amene wodwala wamwa, a zitsamba omwe, ndipo ngati amamwa mowa musabise chifukwa cha manyazi. Akatuluka m'chipatala kenako n'kuyamba kutentha thupi kapena ululu n'kubwerera, mubwerere naye msanga, osadikira mawa.

Allah achize odwala athu onse.