Anachira, Koma Malo Awo Sitinawabwezere

Mu mpingo mwathu muli mayi wina amene kwa zaka zambiri ankaphunzitsa ana ku Sukulu ya Sabata. Patangopita masiku ochepa atabereka mwana wachitatu, anasiya kugona, nayamba kuyankhula zosamveka komanso kuopa anthu a m'nyumba mwawo momwe. Achibale ena anati awalodza, ena anati ndi ziwanda. Panatha milungu itatu asanawatengere kuchipatala, komwe anawatumiza ku Zomba Mental Hospital.

Atabwerako patatha miyezi iwiri, anali bwino ndithu. Ankaphika, kulera khanda ndi kupita kumunda. Koma kalasi yawo inali itapatsidwa kwa wina, ndipo palibe amene anawauza chifukwa chake. Pa benchi imene ankakhala, anthu ankasiya mpata waukulu. Zitumbuwa zimene ankagulitsa pamsika zinayamba kubwerera kunyumba. Ana awo ankanyozedwa kusukulu kuti ndi ana a wamisala.

Ife a zaumoyo mu mpingo tinapita kukawachezera patatha miyezi inayi, ndipo kuchedwa kumeneku nkolakwa kwathu. Anatiuza kuti chowawa kwambiri si matendawo ayi. Akakwiya pang'ono, ngakhale mwana ataswa mbale, amafunsidwa ngati amwa mankhwala. Akaseka kwambiri, anthu amayang'anana. Chilichonse chimene anena pa nkhani za banja chimatengedwa ngati cha munthu wodwala.

Kenaka anaulula kuti anali atasiya mankhwala milungu iwiri yapitayo. Ankawagonetsa masana ndi kuwanjenjemeretsa manja, ndipo anthu poona manjawo ankati matenda akadalipo. Komanso m'bale wina anawauza kuti kumwabe mankhwala atapemphereredwa nkusowa chikhulupiriro.

Apa mpamene tsankho limaonongera moyo. Matenda a m'maganizo ndi matenda a ubongo, ndipo ubongo ndi chiwalo monga mtima kapena impso. Amatha kubwera chifukwa cha chibadwa, kubereka, chisoni chachikulu, mowa, chamba kapena matenda ena a m'thupi. Sapatsirana pokhala limodzi kapena kudyera mbale imodzi. Wodwala shuga sitimuuza kuti ataye mankhwala chifukwa tamupempherera. Nanga uyu timuuziranji? Munthu akasiya mankhwala mwadzidzidzi, matenda amatha kubwereranso. Ngati mankhwala akuumitsa thupi, kunjenjemeretsa kapena kugonetsa kwambiri, achipatala amatha kusintha mlingo kapena mtundu wake. Choyenera ndi kubwerera kwa iwo, osati kubisa mapiritsi pansi pa mphasa.

Tikumbukire Eliya pa 1 Mafumu 19. Mneneri wamkulu uja anafooka mpaka kupempha imfa. Mulungu sanamudzudzule. Anamupatsa tulo, chakudya ndi madzi, ndipo pambuyo pake anamupatsanso ntchito. Mbali yotsirizayi ndi imene ife tinaiwala.

Ngati m'nyumba mwanu kapena mu mpingo mwanu muli wodwala chotere, muitaneni ndi dzina lake, osati dzina la matenda. Muperekezeni pa tsiku lokatenga mankhwala. Za matenda ake musazilengeze pagulu asanavomere yekha, ngakhale pa nthawi ya mapempho a pemphero. Akanena kuti watopa ndi moyo, musaziyese nthabwala. Khalani naye pafupi ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Zipatala za maboma zimathandiza odwala matendawa, ndipo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso a St John of God.

Mayi aja tinawaperekeza kuchipatala m'mawa mwake, ndipo anawasinthira mankhwala. Nkhani ya kalasi tinaitengera kwa akulu a mpingo. Ena anakayika, makolo awiri anakana, ndipo zinatenga nthawi kuti tigwirizane. Lero akuphunzitsanso mothandizana ndi mlongo wina. Anawo sanafunse chilichonse. Anangothamanga kukalimbirana malo pafupi ndi aphunzitsi awo.